Makamera osiyidwa ndi eni nyumba akale: kuwatsegula, kusintha bokosi, kapena kuwazula?

Posamuka anthu amapatsana makiyi a zitseko ndi a geti, nambala ya mita ya magetsi ndi ya madzi. Za makamera omwe ali pageti ndi m'makona a denga zimaiwalika. Zimadzakumbukika tsiku lomwe galu wauwa usiku wonse, kapena zovala zasowa pachingwe, inu n'kumati tione analowa ndani. Mumapeza kabokosi kakuda m'wodilopu kapena pamwamba pa siling'i, kakuthwanima bwinobwino, koma mukangogwedeza mausi sikirini ikufuna pasiwedi yomwe palibe anakuuzani.

Ambiri maganizo awo amathera pa pasiwediyo, pomwe nkhani yaikulu ili pena. Mabokosi a masiku ano amalembetsedwa pa akaunti ya munthu kudzera pa intaneti, ndipo munthuyo akasamuka akauntiyo imapita naye. Mukatenga waya wa netiweki womwe ukulendewera kuseri kwa bokosi n'kuusomeka pa rauta yanu, m'mphindi zochepa bokosilo limaonekeranso pa foni ya mwini wakale, kapena ya mmisiri yemwe analiika, inu osadziwa kanthu. Choncho musanasankhe njira ina iliyonse, sololani waya umenewo. Bokosi limajambulabe popanda intaneti. Ngati m'chipinda chochezera kapena mukolido muli kamera, izimitseni kaye kapena muivindikire.

Njira iliyonse muiyeze ndi mafunso awiri: kodi inu muyamba kuona, nanga enawo asiya kuona? Yomwe ikuyankha funso loyamba lokha ndiye kuti ntchito yasiyidwira panjira.

Suzumirani kuseri kwa bokosi

Chomwe muli nacho ndicho chikuuzeni njira. Mukaona mawaya ozungulira okhala ndi mitu yachitsulo yochita kupotokola polowetsa, imeneyo ndi DVR, ndipo makamera ake ndi a analogi. Makamera oterewa alibe pasiwedi, alibe akaunti, ntchito yawo n'kungotumiza chithunzi m'waya. Nzeru zonse zili m'bokosi. Mukaona mawaya ngati a kompyuta mu ofesi, olowa m'timabowo 4, 8 kapena 16 totsatizana, imeneyo ndi NVR. Apa kamera iliyonse ndi kakompyuta pakokha, kokhala ndi pasiwedi yake, ndipo magetsi imalandira kudzera m'waya womwewo. Ngati bokosi palibiretu, pali makamera okha a Wi-Fi monga Ring, Nest, Arlo, Ezviz, Imou kapena Tapo, ndiye kuti chilichonse chili pa akaunti ya mwini wakale.

Tembenuzani bokosilo mujambule sitika ya pansi pake. Pali dzina la kampani, nambala ya mtundu ndi nambala ya siliyo, zomwe aliyense wokuthandizani adzayamba kufunsa. Nambala yoyamba ndi DS-7 ndi ya Hikvision, yoyamba ndi DHI ndi ya Dahua. Makampani awiriwa, onse a ku Hangzhou m'dziko la China, ndi omwe amapanga gawo lalikulu la makamera omwe timaona m'mashopu ndi m'nyumba kuno kwathu ndi ku Joni. HiLook ndi Ezviz ndi ana a Hikvision, Imou ndi wa Dahua. Palinso mabokosi ambiri otchipa okhala ndi mayina osamveka, omwe m'kati mwake muli zida za kampani ya Xiongmai. Amenewa mumawazindikira poti amagwira ndi pulogalamu ya XMEye.

Funso lina ndi loti makamerawo ndi anudi? Ngati nyumba mwagula ndipo anasiyidwa monga mbali ya nyumbayo, ndi anu. Ngati mukuchita lendi, ndi a landilodi, ndipo kuyamba kutsegula bokosi osawauza n'kudziputira milandu. Ku Malawi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makina a munthu wina popanda chilolezo. Ku South Africa nyumba zambiri zili pa mgwirizano ndi makampani a chitetezo obwera ndi mfuti alamu ikalira, ndipo zida zina zimakhala za kampaniyo. Onani ngati pageti kapena pabokosi pali chikwangwani chawo, muwaimbire kaye.

Kufunsa omwe anatuluka

Safunsa anadya phula. Njira imeneyi imangodya mayunitsi a foni, ndipo ndi yokhayo yomwe imamaliza mbali zonse ziwiri tsiku limodzi. Ngati nambala yawo mulibe, dzerani kwa ejenti, kwa landilodi kapena kwa loya yemwe anayendetsa zogulitsana. Ku England ndi Wales wogulitsa nyumba amalemba fomu ya TA10 yosonyeza katundu yemwe akusiya, choncho ngati makamera alembedwamo muli ndi poyambira.

Muwapemphe zinthu zitatu. Choyamba, pasiwedi ya admin, yomwe ndi akaunti yaikulu yolamulira bokosi, kapena kachizindikiro kojambula pa timadontho 9 ngati bokosilo limatsegulidwa motero. Chachiwiri, achotse chipangizocho pa akaunti yawo. Apa muwafotokozere bwino, chifukwa ambiri amafufuta pulogalamu pafoni n'kumaganiza kuti zatha, pomwe bokosi likadali pa dzina lawo. Ayenera kulowa mu Hik-Connect ya Hikvision, DMSS ya Dahua kapena pulogalamu ina yomwe ankagwiritsa ntchito, asankhe chipangizocho, achichotse pa akaunti. Chachitatu, dzina la mmisiri yemwe anaika. Musadabwe akakuyankhani kuti pasiwedi sanaidziwepo chigulireni. Eni nyumba ambiri amangopatsidwa foni itakonzedwa kale, pasiwedi ili m'kope la mmisiri, ndipo kawirikawiri ndi yomweyo yomwe waika m'nyumba zonse zomwe wagwiramo ntchito.

Kwa makamera a Wi-Fi, kufunsaku ndi khomo lenileni. Ring, yomwe inagulidwa ndi Amazon mu 2018, sikulolani kulembetsa kamera yomwe ikadali pa akaunti ya wina, ngakhale mudine batani la reset mpaka chala chiwawe. Nest ya Google ndi Arlo zimachitanso chimodzimodzi. Anazipanga dala kuti wakuba akazula kamera asapindule nayo, ndipo makinawo sangasiyanitse wakuba ndi munthu wogula nyumba. Mutha kulembera kampaniyo ndi umboni woti nyumba ndi yanu tsopano, koma musawerengere kuti zitheka msanga.

Pofooka pa njirayi mpodziwikiratu. Ngati munasiyana mokangana pa nkhani ya dipoziti, ngati nyumba ndi ya chuma cha masiye ndipo mwini wake anatisiya, kapena munthuyo anapita kunja foni n'kusintha, apa palibe chotola.

Kudzera kwa opanga bokosilo

Iyi ndi njira yomwe ndimalimbikitsa kwa yemwe ali ndi NVR ya Hikvision kapena Dahua, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa mpomwe anthu amawonongera zinthu.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amazitcha reset, koma n'zosiyana. China n'kusintha pasiwedi yokha, zina zonse n'kutsala momwe zinalili. China n'kubwezera bokosi lonse mmene linachokera ku fakitale. Pa DVR kusiyanaku kulibe kanthu kwenikweni. Pa NVR n'kwakukulu. Bokosilo limasunga pasiwedi ya kamera iliyonse, n'chifukwa chake zithunzi zikuonekabe pa sikirini ngakhale inu simukudziwa pasiwedi ina iliyonse. Mukalifufuta lonse, limaiwala mapasiwedi amenewo, pomwe makamerawo sanaiwale. Zotsatira zake, m'malo mwa loko mmodzi mwatsala ndi maloko 8, ndipo aliyense ali pamwamba pa khoma. Choncho pa NVR yambani ndi kusintha pasiwedi yokha, kufufutako kudzabwere pambuyo ngati kukufunika.

Pa Hikvision zimayenda chonchi. Mumatenga pulogalamu yaulere ya SADP pa webusaiti yawo, kuiika pa laputopu, n'kulumikiza laputopuyo ndi bokosi pa netiweki imodzi. Pulogalamuyo imalipeza yokha bokosilo. Mukadina poti mwaiwala pasiwedi, imakutulutsirani kafayilo ka XML komwe mumatumiza kwa Hikvision kapena kwa ogulitsa ovomerezeka, pamodzi ndi chithunzi cha sitika ija ndi umboni woti katunduyo ndi wanu. Iwo amakubwezerani kafayilo kena, mumakalowetsa mu SADP, n'kulemba pasiwedi yatsopano. Pamenepo pali kabokosi kochonga kuti makamera nawo alandire pasiwedi yomweyo. Chongani.

Msampha wake kwa ife ndi magetsi. Bokosi siliyenera kuzima kuyambira pomwe mwatulutsa fayilo yoyamba mpaka pomwe mwalowetsa yachiwiri. Likangozima, fayilo yomwe akutumizirani ikhala yopanda ntchito, muyambirenso. Ndiye onani ndondomeko ya kuthima kwa magetsi ya dera lanu, kapena lisomekeni pa UPS kapena inverter musanayambe, ndipo tumizani m'mawa tsiku la ntchito, osati Lachisanu madzulo. Vuto lina ndi loti bokosi lomwe linabwera m'chikwama kuchokera ku Dubai kapena ku China, osadzera kwa ogulitsa ovomerezeka a dera lino, nthawi zambiri amalikana n'kukuuzani kuti mubwerere komwe linagulidwa.

Pa Dahua, mukadina poti mwaiwala pasiwedi pamatuluka QR code yojambula ndi pulogalamu ya DMSS, ndipo nambala yotsegulira imapita ku imelo yomwe inalembetsedwa poika bokosilo. Imeloyo si yanu, komabe zilembo zochepa zomwe zimaoneka pa sikirini zitha kukuuzani kuti ndi ya mwini wakale kapena ya mmisiri. Mabokosi ambiri a Dahua alinso ndi kabatani pa bolodi ya m'kati: mumazimitsa, kukadina osasiya, n'kuyatsa mutadinabe. Kameneka kamafufuta zonse, choncho nkabwino pa DVR, koma pa NVR kumbukirani za makamera aja.

Ngati bokosi ndi lakale kwambiri, yesani mapasiwedi a ku fakitale musanavutike: admin ndi 12345 pa Hikvision zakale, admin ndi admin kapena 888888 ndi 888888 pa Dahua zakale, admin osalemba kanthu pa za XMEye. Musangoyesa mwachisawawa, chifukwa mukaphonya kangapo bokosi limadzitseka kwa kanthawi, ena amaliranso.

Mukalowa, musathamangire kusangalala. Pasiwedi yatsopano simachotsa bokosi pa akaunti ya mwini wakale. Pa Hikvision muyenera kulimasula padera, ndipo SADP yomweyo ili ndi pochitira zimenezi mukakhala ndi pasiwedi ya admin. Mukajambula QR code ya bokosi ndi foni yanu n'kukuyankhani kuti chipangizochi chili kale pa akaunti ina, ndiye kuti ntchito sinathe.

Kuitana mmisiri

Mmisiri achita zomwe tafotokozazi, kungoti iye ali ndi laputopu, makwerero, ndiponso amadziwana ndi ogulitsa, moti fayilo yomwe inu mungadikire masiku iye amaipeza pa WhatsApp tsiku lomwelo. Ngati makamera ndi ambiri, kapena muli ndi NVR yomwe wina anaifufuta kale, ndalama yake ndi yoyenera.

Koma mukhale pomwepo pamene akugwira ntchito. Ikafika nthawi yolemba pasiwedi, mausi ikhale m'manja mwanu. Akaunti ya pafoni itsegulidwe ndi imelo kapena nambala yanu, osati yake, ngakhale atanena kuti akatero adzakuthandizani mosavuta zikadzavuta. Mukalola zimenezo mwangosintha munthu wokuonerani, ndipo tsiku lomwe adzasinthe nambala mudzabwerera pomwe muli lero. Akafuna kuona kuti akonze china chake, mapulogalamuwa ali ndi njira yogawira munthu kwa kanthawi n'kudzamuchotsa.

Nzeru za pa YouTube

Apa sindichedwapo. Mudzapeza makanema olonjeza pasiwedi yotsegula bokosi lililonse, timapulogalamu towerengera nambala kuchokera pa deti lomwe likuoneka pa sikirini, ndi malangizo ochotsa kabatire kozungulira ka m'kati. Zina mwa izi zimagwiradi pa mabokosi akale ndi otchipa. Pa atsopano kuchotsa batire kumangosokoneza wotchi. Timapulogalamuto tambiri timabwera ndi mavairasi, ndipo kuika firmware yolakwika, kutanthauza pulogalamu ya m'kati yoyendetsa bokosi, kumalipheratu.

Ndipo ngati nzeru yotere yagwira pa bokosi lanu, dziwani kuti aliyense atha kulitsegula chimodzimodzi. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalowa m'makamera ndi ma DVR ochuluka padziko lonse pongoyesa mapasiwedi a ku fakitale, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho zida zimenezo zinagwiritsidwa ntchito pogwetsa makompyuta a Dyn, kampani yomwe inkathandiza kuti mawebusaiti azipezeka pa intaneti, zomwe zinachititsa kuti Twitter ndi Netflix zisapezeke kwa anthu ambiri ku America. Zida za Xiongmai zinali m'gulu la zomwe zinatchulidwa kwambiri. Bokosi la mtundu umenewo lijambule m'nyumba ngati mukufuna, koma pa intaneti lisapite.

Kugula bokosi latsopano, makamera n'kusiya omwewo

Kwa yemwe ali ndi DVR, iyi ndiye njira yomwe imaposa zonse pamene eni akale sakupezeka. Chodula pa makamera si bokosi ayi. Ndi mawaya omwe anadutsa m'siling'i, m'mapaipi ndi pansi pa simenti kukafika pageti, ndi ntchito ya munthu yemwe anakwawa m'dengamo dzuwa likuswa mtengo. Zimenezo mwazipeza kale. Popeza makamera a analogi alibe pasiwedi, mumangomasula mawaya pa bokosi lakale n'kuwalowetsa pa latsopano, zithunzi n'kutuluka. Zili ngati kusintha loko pachitseko: chitseko n'chomwecho, koma makiyi onse omwe ali m'matumba mwa anthu asanduka zitsulo wamba. Akaunti yakale, imelo yakale, mmisiri wakale, onse atsala ndi bokosi lomwe mwachotsalo.

Chofunika kusamala ndi mtundu wa chithunzi. Makamera a analogi alipo a TVI omwe ndi a Hikvision, a CVI omwe ndi a Dahua, a AHD, ndi akale a CVBS. Mabokosi ambiri a masiku ano amalandira mitundu yonseyi, koma funsani musanalipire. Onaninso kuti bokosi likukwanitsa kukula kwa chithunzi cha makamera anu, chifukwa kamera ya 5MP pa bokosi lothera pa 2MP itha kungoonetsa mdima. Hadi disiki ya m'bokosi lakale mutha kuisamutsira m'latsopano. Lidzakupemphani kuti muifufute, ndipo mutero.

Pa NVR njirayi imachepa mphamvu. Bokosi latsopano lidzawaona makamera koma lidzafuna pasiwedi ya iliyonse. Ndiye mukwere pa makwerero, mutsegule kachivindikiro komwe kumalowa memori khadi, mudine kabatani ka reset, kamera imodzi imodzi. Ena alibe bataniro, amafuna njira ya fayilo ija payekhapayekha. Mukagula bokosi la kampani yosiyana ndi makamera, adzamvana kudzera mu ONVIF, mgwirizano womwe unayambitsidwa mu 2008 ndi Axis, Bosch ndi Sony. Chithunzi chidzabwera, koma zina monga kuzindikira munthu akadutsa mzere zitha kukana, ndipo pa makamera ambiri a Hikvision ONVIF imafuna kuyatsidwa kaye m'kati mwa kamerayo. Ngati n'kotheka, gulani bokosi la kampani yomweyo.

Kuzula zonse

Pali nthawi yomwe kulimbana nazo n'kutaya nthawi. Makamera akale a CVBS omwe nkhope ya munthu woima pageti imangooneka ngati mtambo wa utsi sangathandize apolisi ngakhale mutawatsegula. Yesaninso usiku, chifukwa timagetsi tofiira toonera mumdima timafa kamera ikadali yamoyo, ndipo yooneka bwino masana itha kukhala yakhungu dzuwa likalowa. Makamera a Wi-Fi omwe mwini wake wakana kapena walephera kuwamasula, chotsani mugule anu. Ndipo kamera iliyonse ya m'kati mwa nyumba yomwe mbiri yake simukuidziwa, ine ndingaichotse ngakhale itamasulidwa. Mu 2019 zinadziwika kuti munthu yemwe anagulitsa kamera yake ya Nest ankatha kuonabe zithunzi zake kudzera pa Wink, chipangizo choyendetsera zida za m'nyumba chomwe anailumikiza nacho kale, ngakhale kamerayo inali itachotsedwa pa akaunti. Google inakonza vutolo, koma likusonyeza kuti timakomo tina simungatione muli panja.

Ngakhale apa, mawaya musadule. Waya wozungulira wa RG59 yemwe ankanyamula chithunzi chakale amanyamulanso cha HD, ndipo Cat5e kapena Cat6 agwira ndi kamera yatsopano iliyonse ya NVR.

Mukalowa, tsekani

Njira iliyonse yomwe mwadzera, lowani pa mndandanda wa ogwiritsa ntchito mufufute dzina lililonse lomwe si lanu. Amisiri amakonda kudzisiyira akaunti yachiwiri. Sinthani imelo yobwezera pasiwedi ndi mafunso achinsinsi, apo ayi mwini wakale atha kulandanso bokosilo ndi njira yomwe inu mwadzera. Pa Hikvision sinthaninso nambala yotsimikizira ya Hik-Connect. Ikani firmware yatsopano kuchokera pa webusaiti ya kampani, chifukwa zida zambiri za Hikvision zinapezeka ndi chibowo chachikulu cholowera akuba a pa intaneti mu 2021 ndipo bokosi lomwe lakhala m'siling'i zaka zonsezi mwina silinakonzedwe. Ngati rauta nayo munaipeza m'nyumbamo, ibwezereni ku fakitale. Mukatha zonsezi mpomwe mungasomeke waya wa intaneti.

Zomwe zili pa disiki ndi moyo wa banja lina, ana awo, alendo awo, nthawi yomwe ankatuluka ndi kulowa. Fufutani osaonera. Werenganinso makamera omwe akuoneka pa sikirini muyerekeze ndi omwe mwawaona pakhoma. Ngati pa sikirini pali 6 pomwe inu mwawerenga 5, tsatani waya wotsalayo mpaka mutapeza komwe wathera. Onani komwe iliyonse yaloza. Yoyang'ana pawindo kapena pabafa la aneba itembenuzeni, ndipo kwa omwe muli ku Britain, kamera ikajambula kupyola malire a pakhomo panu malamulo oteteza zinsinsi za anthu amakukhudzani, malinga ndi ICO, ofesi yoona za malamulowa kumeneko.

Pomaliza yang'anani deti ndi nthawi pakona ya sikirini. Zimitsani bokosi, mudikire pang'ono, muyatsenso. Deti likabwerera ku zaka zakale, kabatire kozungulira ka pa bolodi katha, ndipo ndi mmene magetsi amathimirathimira kwathu kuno, kanema aliyense azikhala ndi nthawi yabodza. Kabatireka kamapezeka kwa okonza mawotchi ndi makompyuta. Mukasintha, tulukani mukaime pageti mphindi imodzi, mubwerere mukadzifufuze pa zojambulidwa. Mabokosi ambiri osiyidwa amaonetsa chithunzi bwinobwino pomwe disiki inafa kalekale, ndipo zikatero mugule yopangidwira makamera, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk, chifukwa ya kompyuta wamba sinapangidwe kuti izilemba usana ndi usiku osapuma.